Impact, Haettenschweiler ndi abale awo: mbiri ya zilembo zonenepa zopanikizika

Funso: Ndili ndi kashopu kamene ndimakonzerapo ndi kusindikiza mapositala a misonkhano ya tchalitchi, maukwati ndi mpira. Pa kompyuta yanga pali mafonti awiri onenepa komanso opanikizika, Impact ndi Haettenschweiler, ndipo amafanana kwambiri moti mnzanga wina akuti imodzi inangoberedwa kwa inzake. Kodi mbiri yake ndi yotani, ndipo Impact ili ndi mitundu ingati yeniyeni? Nanga pali cholakwika ndikangotenga Arial n'kuipanikiza ndekha kuti mawu akwane pa pepala?

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Mnzanuyo waona bwino kuti pali ubale, koma mawu oti kuba sakugwirizana ndi mmene zinthu zinayendera. Impact ndi Haettenschweiler zinachokera ku gwero limodzi, lomwe ndi zilembo zimene mnyamata wina wa ku Switzerland anajambula mu 1954, zimene akatswiri okonza zotsatsa malonda anazikonda kwambiri koma analibe kokazigula. Kusowa kumeneku n'kumene kunachititsa kuti anthu angapo, aliyense payekha, ajambule zilembo zoti zigwire ntchito yofanana. Choncho Impact ili ndi ana ochepa kwambiri, koma asuweni ake ndi ambiri, ndipo zambiri mwa zimene anthu amaziyesa mitundu ya Impact ndi asuweni chabe.

Poyamba tigwirizane pa mawu. Mukayang'anitsitsa zilembo za Times New Roman muona kuti kumapeto kwa mzere uliwonse wa chilembo kuli katsinde kakang'ono kopingasa, ngati phazi. Timapazi timeneti timatchedwa serif, ndipo zilembo zopanda timapaziti zimatchedwa sans-serif. Ku Britain zilembo zoterezi zinkadziwikanso kuti grotesque, ku Germany grotesk, pamene ku America ankati gothic, ndipo mayina onsewa mudzakumana nawo pa mndandanda wa mafonti. Kupanikizika kukutanthauza kuti chilembo n'chachitali koma chochepa m'lifupi, kotero kuti zilembo zambiri zimalowa mu mzere umodzi. Chachitatu n'chakuti mafonti amene mwatchulawa ndi a mitu ya nkhani ndi zikwangwani, oti munthu awerenge mawu atatu kapena asanu ali chapatali, osati oti awerengere ndime yonse.

Zilembo zosindikizira zoyamba zopanda timapazi zinaoneka ku London cha m'ma 1816, m'buku la zitsanzo la William Caslon IV. Zinali zilembo zazikulu zokhazokha, za msinkhu umodzi, ndipo sizinatchuke. Patapita zaka pafupifupi 16, osula zilembo ena a mumzinda womwewo, Vincent Figgins ndi William Thorowgood, anayamba kugulitsa zilembo zopanda timapazi zonenepa kwambiri, ndipo za Thorowgood, zimene anazitcha Grotesque, zinali zopanikizika komanso zinali ndi zilembo zazing'ono. Apa m'pofunika kuona kuti zilembo zimenezi sizinapangidwire mabuku. Zinapangidwira makoma a m'misewu, pa nthawi imene malonda a m'mizinda ya ku England ankakula mofulumira ndipo zidziwitso za zisudzo, za masitima ndi za katundu wogulitsa zinkapikisana pa khoma limodzi. Pali kanthu kenanso kosangalatsa pa nkhani ya Caslon IV: mu 1819 anagulitsa kampani yake kwa amalonda a ku Sheffield otchedwa Blake, Garnett & Co., ndipo kampani imeneyi ndi imene inadzakhala Stephenson Blake, yomwe patapita zaka 146 inatulutsa Impact.

Chifukwa chimene zilembo zopanikizika zinafunikira n'chomwecho chimene chimakuvutitsani inu lero. Pepala lili ndi malire m'lifupi, koma mawu amasiyana kutalika. Wosindikiza wa m'zaka za m'ma 1800 ankafuna kuti mzere uliwonse wa positala udzaze pepala kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo popeza chilembo chachitsulo kapena chathabwa sichitanuka, ankayenera kusunga madirowa a zilembo za m'lifupi mosiyanasiyana: zotambalala za mawu aafupi, zopanikizika za mawu aatali. Zilembo zikuluzikulu kwambiri ankazisema pa mtengo, chifukwa za mtovu zikakula zinkalemera, zinkadula, ndiponso nkhope yake sinkasalala bwino pozizira. Ku New York, Darius Wells anayamba kusema zilembo zamatabwa ndi makina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1820, ndipo zimenezi zinachulukitsa zilembo zazitali zothinana pa zikwangwani za ku America. Pofika mu 1903, Morris Fuller Benton wa kampani ya American Type Founders anakonza Alternate Gothic m'mitundu itatu, No. 1, No. 2 ndi No. 3, yofanana msinkhu koma yosiyana m'lifupi, kuti wosindikiza azisinthanitsa malinga ndi kutalika kwa mawu. Stephenson Blake nayo inali ndi Grotesque No. 9 ya mu 1906, imene manyuzipepala ndi magazini a ku Britain anaigwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali.

Tsopano tifike ku gwero lenileni la mafonti anu awiri. Walter Haettenschweiler anabadwa mu 1933 ndipo ankagwira ntchito yojambula mumzinda wa Zug ku Switzerland. Mu 1954, asanakwanitse n'komwe zaka 22, zilembo zake zotchedwa Schmalfette Grotesk zinatuluka m'buku la zitsanzo za zilembo lotchedwa Lettera. Dzinali ndi la Chijeremani ndipo limangofotokoza maonekedwe: schmal ndiye kuti chochepa m'lifupi, fett ndiye kuti chonenepa. Kusiyana kwake ndi zilembo zopanikizika zakale kunali kwakukulu. Zakale zija zinali ndi kamphepo mkati, mizere yake inkapindika mofewa ndipo mwina inkasiyana kunenepa mosayembekezereka. Za Haettenschweiler zinali ngati zipilala zoimikidwa moyandikana, m'mbali mwa O ndi C muli mowongoka, ndipo mpata woyera wa mkati mwa chilembo unangotsala kamng'alu kopyapyala. Zinali zilembo zazikulu zokhazokha.

Amene anazitchukitsa ndi Willy Fleckhaus, yemwe ankayang'anira maonekedwe a magazini ya achinyamata ya ku West Germany yotchedwa Twen, imene inatuluka kuyambira 1959 mpaka 1971. Fleckhaus ankaika mitu ikuluikulu ya zilembo zimenezi, zothinana mpaka kutsala pang'ono kugundana, pambali pa zithunzi zodzaza tsamba lonse ndi malo akuda bii, ndipo okonza magazini ndi zotsatsa malonda m'mayiko ambiri ankadikira kope lililonse kuti aone zimene wachita. Vuto linali lakuti Schmalfette sinkapezeka kwa osula zilembo monga zilembo zina zonse. Amene ankaifuna ankajambula chithunzi cha tsamba la bukulo kapena la magaziniyo, n'kudula chilembo chimodzichimodzi ndi lumo, n'kumata pa katoni ndi guluu mpaka mutu wa nkhani utakwana. Inu amene mumasintha mutu wa positala kasanu kasitomala ali chiimire pambali panu, mungaone kuti kumeneku kunali kuvutika kotani, makamaka bwana akasintha liwu limodzi ntchito itatha kale.

Ena mwa oyamba kupezerapo mwayi anali a kampani ya Letraset ya ku London, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inayamba kugulitsa mapepala apulasitiki okhala ndi zilembo zoti munthu akakhutiza pamwamba ndi cholembera, chilembocho chimamatirira pa pepala la pansi. Mu 1963 anatulutsa Compacta, yojambulidwa ndi Fred Lambert, ndipo imeneyi inali fonti yoyamba imene Letraset inadzikonzera yokha m'malo mobwereka kwa ena. Compacta inali ndi zilembo zazing'ono, ndipo inadzakhala banja lathunthu lokhala ndi yopepuka, yonenepa, yonenepetsetsa ndi yopendekera. Mungaizindikire poona kuti ndi yamakona kwambiri kuposa inzake: O wake amaoneka ngati bokosi lalitali lokhala ndi ngodya zozungulira pang'ono.

Geoffrey Lee anali mmodzi mwa anthu amene ankadula ndi kumata Schmalfette. Ankagwira ntchito yokonza zotsatsa malonda ku Britain, ndipo atakalamba, patatsala pang'ono kuti amwalire mu 2005, anafotokoza yekha kuti iye ndi anzake ankazisirira zilembozo koma zinkawavuta chifukwa sizinasulidwe pa chitsulo ndiponso zinalibe zilembo zazing'ono. Cholinga chake pojambula Impact chinali choti inki yochuluka monga kungathekere igwere pa pepala pa msinkhu uliwonse wa chilembo, komanso kuti zilembo zazing'ono zitalike monga kungathekere. Stephenson Blake inaitulutsa mu 1965. Mukalemba liwu loti "Hx" mu Impact muona zimene ankatanthauza: x amatalika mpaka kuyandikira msinkhu wa H, pamene mu Times New Roman amatsalira pansi ndithu. Mitu ya b, d ndi h imangotumphuka pang'ono, michira ya g, p ndi y nayo ndi yaifupi, kotero mizere iwiri imatha kuyandikana kwambiri popanda kugundana, n'kupanga chipupa chimodzi chakuda cha mawu.

Ndiyenera kutsindika kuti Lee sanatsatire mzere ndi mzere wa Haettenschweiler. Impact ndi yotambalala kuposa Schmalfette, mipata ya mkati mwa zilembo ndi yotseguka pang'ono, ndipo zilembo zazing'ono zonse anazijambula yekha popeza panalibe pokopera. Mwa kuona kwanga, kutambalala pang'ono kumeneku n'kumene kunaipulumutsa, chifukwa fonti imene mipata yake siinatsekeke imapirira inki yofalikira, pepala lotsika mtengo ndi sikirini yosaoneka bwino. M'ntchito ya zilembo, kutenga ganizo la mnzako n'kulijambula mwatsopano ndi chinthu chimene chakhala chikuchitika kuyambira kalekale, ndipo chimasiyana ndi kutenga zojambula zake zenizenizo n'kuzigulitsa.

Chodabwitsa n'chakuti Impact inabadwa mochedwa. Mu 1965 zilembo zachitsulo zinali zitayamba kale kutha ntchito, chifukwa osindikiza ankasamukira ku makina oika zilembo pa filimu pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo okonza mitu ya nkhani ankagula mapepala a Letraset. Makampani a makina atsopanowo anali ndi mafonti awo opikisana nayo. Mwachitsanzo, mu 1966 kunatuluka Helvetica Compressed, imene anaijambula Matthew Carter ndi Hans-Jürg Hunziker m'mitundu itatu yopanikizika mosiyana, Compressed, Extra Compressed ndi Ultra Compressed. Panalinso Helvetica Inserat, imene dzina lake lachiwiri ndi liwu la Chijeremani lotanthauza chilengezo cha malonda m'nyuzipepala. Pakati pa onsewa Impact inali imodzi chabe mwa ambiri, ndipo palibe akanaganiza kuti idzawaposa onse kutchuka. Kampani ya Stephenson Blake nayo inapitirira kufooka, ndipo mu 1996 zida zake zakale zosulira zilembo zinasamutsidwira ku nyumba yosungiramo mbiri ya zilembo ya Type Museum ku London.

Chimene chinasintha zonse ndi Microsoft. Ufulu wa Impact unafika m'manja mwa kampani ya Monotype, imene inaikonza kuti izigwira ntchito pa kompyuta n'kupereka chilolezo kwa Microsoft. Mu 1996 Microsoft inayambitsa ndondomeko yotchedwa Core fonts for the Web, yogawa mafonti angapo kwaulere kuti masamba a pa intaneti azioneka mofanana pa makompyuta osiyanasiyana. M'gululi munali Arial, Times New Roman, Courier New, Verdana, Georgia, Trebuchet MS, Comic Sans ndi ena ochepa, ndipo Impact inali m'gulu lomwelo. Inayambanso kubwera ndi Windows kuchokera pa Windows 98, komanso inalowa m'makompyuta a Apple. Ndondomeko ija inatha mu 2002, koma pofika nthawiyo Impact inali kale pafupifupi pa kompyuta iliyonse. Mukayang'ana gulu lonselo muona kuti munthu wofuna zilembo zonenepa ndi zopanikizika analibe kwina kolowera, popeza Arial Black ndi yonenepa koma yotambalala.

Apa m'pamene panachokera zithunzi zoseketsa za pa intaneti zokhala ndi mawu oyera ozunguliridwa ndi mzere wakuda, ena pamwamba ena pansi pa chithunzi, zimene mumalandira pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kalembedwe kameneka kanafala kwambiri cha m'ma 2007 ndi zithunzi za amphaka za pa tsamba la I Can Has Cheezburger, ndipo mapulogalamu opangira zithunzi zoterezi anangotengera Impact ngati fonti yokhazikika. Panali zifukwa zomveka: inalipo kale pa kompyuta, mawu ambiri ankakwana m'lifupi mwa chithunzi, ndipo thupi lake lonenepa limalola kuti mzere wakuda uzungulire chilembo popanda kuchimeza, kotero mawu amawerengeka kaya kumbuyo kuli kowala kapena kwamdima. Akatswiri ena amaipeputsa Impact chifukwa cha mbiri imeneyi. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni, chifukwa ntchito imene fontiyo ikugwira pa zithunzizo ndi yomweyo imene Lee anaijambulira. Komabe kwa inu pali chenjezo: mukalemba mawu oyera a Impact okhala ndi mzere wakuda pa chithunzi cha m'busa kapena cha akwati, achinyamata ambiri adzayamba aganiza za nthabwala asanawerenge uthengawo.

Nanga Haettenschweiler imene ili pa kompyuta yanu? Imeneyo ndiye mwana weniweni wa Schmalfette Grotesk. M'nthawi ya makina a filimu, kampani ina inatenga zilembo zazikulu zija n'kuwonjezerapo zazing'ono, ndipo mtundu umenewo ndi umene pambuyo pake unalowa m'kompyuta n'kumabwera ndi Microsoft Office, utapatsidwa dzina la mwiniwake. Haettenschweiler, amene anamwalira mu 2014, ananenapo kuti sanalandirepo ndalama iliyonse pa fontiyo, kungoti anaitcha dzina lake. Choncho ngati mnzanu akufunafuna amene anadyeredwa masuku pamutu m'nkhaniyi, ndi ameneyu, ndipo sizinachitike kudzera mwa Lee. Kuti muone kusiyana kwa mafonti awiriwa, lembani liwu limodzi lalitali m'mafonti onse pa msinkhu wofanana. La Haettenschweiler lidzafupika ndithu, zilembo zake zidzathinana kwambiri, ndipo mkati mwa a, e ndi s mudzangotsala timing'alu. Pa chikwangwani chachikulu imaoneka yaulemu ndi yamphamvu, koma ikachepa msinkhu kapena inki ikafalikira pang'ono, mawu amasanduka mpanda wa mizere yoimirira.

Pa funso la mitundu yeniyeni ya Impact, yankho ndi lalifupi kuposa mmene ambiri amayembekezera. Impact imene imabwera ndi Windows ndi fayilo imodzi yokha, ya kunenepa kumodzi, yopanda yopendekera ndiponso yopanda yonenepa kuposa pamenepo. Lee mwiniwake anadzatulutsa mtundu wotambalala wotchedwa Impact Wide kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2010 kampani ya Ascender inatulutsa Impact yowonjezeredwa zinthu zina za OpenType (mtundu wamakono wa mafayilo a mafonti), imene anaikonza Terrance Weinzierl ndi Steve Matteson, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Monotype inagula Ascender. Mitundu iwiri ya Impact imeneyi ndi yogulitsa payokha ndipo simudzaipeza pa kompyuta wamba.

Zimenezi zikutanthauza kuti mukasankha Impact mu Word n'kudina batani la B, simukupeza mtundu wina wojambulidwa ndi munthu. Pulogalamuyo imangokulitsa m'mphepete mwa chilembo chilichonse, ndipo popeza mipata ya mkati inali kale yochepa, imatsekeka, e n'kuyamba kufanana ndi o. Mukadina batani la I, kompyuta imangokankhira chilembo kumbali. Kupendeketsa koteroko kumapiririka pa positala ya mpira, pamene mukufuna kuonetsa liwiro, koma batani la B pa Impact ndikukulangizani kuti mulisiye ndithu.

Asuweni a masiku ano amene mungawapeze kwaulere ndi ofunika kuwadziwa, makamaka chifukwa Impact ndi katundu wa Monotype. Mungasindikize nayo mapositala kuchokera pa kompyuta imene inabwera nayo, koma kugawa fayiloyo kapena kuiika pa seva ya tsamba la intaneti kumafuna chilolezo china, ndiponso mafoni a Android sabwera nayo. Wofanana nayo kwambiri ndi Anton, imene anajambula malemu Vernon Adams n'kuiika pa Google Fonts. Adams yemweyo anajambulanso Oswald mu 2011, koma imeneyi si ya mzere wa Schmalfette, ndi ya mzere wa Alternate Gothic ya Benton ija, ndipo ubwino wake ndi wakuti ili ndi kunenepa kosiyanasiyana, kuyambira yopepuka kwambiri mpaka yonenepa. League Gothic, ya gulu la The League of Moveable Type, nayonso ndi Alternate Gothic youkitsidwa. Bebas Neue, ya Ryoichi Tsunekawa wa ku Japan, inatuluka mu 2010, ndipo mtundu wake waulere uli ndi zilembo zazikulu zokhazokha, monga inalili Schmalfette poyamba. Onse anayiwa ali pansi pa chilolezo cha SIL Open Font License, chimene chimalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda.

Tsopano za kupanikiza Arial. Cholakwika chilipo, ndipo mungadzionere nokha. M'chilembo chojambulidwa bwino, mizere yoimirira imakhala yonenepa pang'ono kuposa yopingasa, chifukwa diso la munthu limaona mzere wopingasa ngati wonenepa kuposa mmene ulili. Mukakoka bokosi la mawu kuchokera m'mbali, kompyuta imachepetsa chilichonse m'lifupi mokha. Mizere yoimirira imawonda, yopingasa imakhala momwe inalili, ndipo zinthu zimatembenuka: denga la T ndi mikono ya E zimalemera kuposa tsinde lake, O amakhala ngati dzira lonenepa kumutu ndi kumunsi koma lowonda m'mbali, ndipo kadontho ka i kamasiya kukhala kofanana mbali zonse. Wojambula fonti yopanikizika amachita zosiyana kotheratu. Amasunga kunenepa kwa mizere yoimirira, amawongola m'mbali mwa zilembo zozungulira kuti mkati mutsale mpata, amapepula malo amene mizere ikukumana, ndipo amakonzanso mtunda wa pakati pa zilembo. Ngakhale makampani akuluakulu anagwapo m'mayesero amenewa. M'zaka za m'ma 1980, pamene malo osungira mafonti m'maprinta anali ochepa, Helvetica Narrow inapangidwa mwa kungopanikiza Helvetica ndi masamu mpaka 82 peresenti ya m'lifupi mwake, ndipo mukaiika pambali pa Helvetica Condensed, imene inajambulidwa ndi manja, kupunduka kwake kumaonekeratu. Ngati mzere watsala pang'ono kwambiri kukwana, kupanikiza ndi maperesenti awiri kapena atatu sikudzaoneka. Kupitirira apo, sinthani fonti.

Pali zina zimene zimakhudza ife olemba Chichewa, zimene Lee ndi Haettenschweiler sanaziganizire. Mawu athu ndi aatali chifukwa timalumikiza timagawo tambiri m'liwu limodzi. Liwu loti WACHITSITSIMUTSO lili ndi zilembo 16 ndipo silidulika mosavuta, choncho fonti yopanikizika imatithandiza kuposa mmene imathandizira wolemba Chingerezi. Koma timagwiritsanso ntchito kwambiri M ndi W, zomwe ndi zilembo zimene zimavutika kuposa zonse zikapanikizidwa, popeza mizere inayi yonenepa iyenera kulowa m'malo ochepa. Mawu ngati MWAMBO, MWAMUNA kapena MSONKHANO mu Haettenschweiler amada kwambiri pamene pali M, W ndi N, ndipo munthu ali patali amavutika kusiyanitsa M ndi H. Mu Impact vutoli ndi locheperapo, ndipo mu Oswald kapena League Gothic ndi lochepa kwambiri. Njira yosavuta ndiyo kuwonjezera pang'ono mtunda wa pakati pa zilembo mukamalemba ndi zazikulu zokhazokha. Yang'ananinso kachizindikiro ka m'mawu ngati NG'OMA ndi M'BALE, chifukwa m'mafonti othinana kamatha kumatirira ku chilembo choyandikana nacho n'kusowa, ndipo tanthauzo la liwu lingasinthe.

Chomaliza ndi chilembo cha ŵ, ngati kasitomala wanu amachilemba. Mafonti ambiri odziwika ali nacho chifukwa chimapezekanso m'chinenero cha ku Wales, koma mafonti ena aulere otoledwa pa masamba osadalirika alibe, ndipo kompyuta imangobwereka chilembocho ku fonti ina mwakachetechete, mwina inu n'kudzazindikira chikwangwani chitasindikizidwa kale. Musanayambe ntchito, lembani Ŵ ndi ŵ mu fonti imene mwasankha, mukulitse kwambiri, muone ngati zikufanana ndi zinzake. Muonenso ngati kachipewa ka pa Ŵ sikakugunda mzere wa pamwamba, chifukwa mafonti amenewa amakopa munthu kuti ayandikizitse mizere kwambiri.

Pa ntchito za m'shopu mwanu, ndingaike Impact kapena Anton pa mutu waukulu wa mawu osapitirira anayi kapena asanu, monga mayina a matimu kapena dzina la msonkhano. Haettenschweiler ndingaisungire zikwangwani zikuluzikulu zansalu kapena zapulasitiki pamene liwu lalitali liyenera kukwana mu mzere umodzi ndipo makina anu amasindikiza mosafalitsa inki. Tsiku, malo, nthawi ndi nambala ya foni ndingazilembe mu Oswald yapakatikati, chifukwa manambala 3, 6, 8 ndi 9 m'mafonti onenepetsetsa amafanana kwambiri akachepa msinkhu. Musanasindikize makope onse, tulutsani limodzi, mulimate pakhoma la panja, mubwerere m'mbuyo masitepe khumi, ndipo muyese kuwerenga nambala ya foniyo mokweza.